Kompyuta ikakana kuyaka mutaikamo Windows yatsopano, musathamangire kufomata

Tsiku lina Lachisanu madzulo, kumapeto kwa Okutobala 2025, bambo ena achikulire anafika pakhomo panga kuno ku Turf atakulunga laputopu m'chitenje cha akazi awo. Bambowa ndi mlembi wa gulu lathu la maliro, limene timasonkhako ndalama mwezi ndi mwezi kuti zovuta zikagwa tisamasowe bokosi ndi galimoto. Tisanamalize n'komwe kulonjerana, anati: "Mwana wanga, makina aja afa. Ndinapita nawo kwa mnyamata wina kumashopu, akuti mankhwala ake n'kufomata basi. Nditamufunsa ngati mabuku a gulu atsale, anangopukusa mutu."

Ndinati: "Bambo, mwachita bwino kukana. Khalani pansi, tione kaye."

Turf ndi katauni ka m'boma la Mhondoro-Ngezi ku Zimbabwe, kamene kanakula chifukwa cha mgodi wa platinum wa Zimplats. Ambiri m'gulu lathu ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'dera lino, ena ku mgodi wa Cam and Motor ku Kadoma, ena ku Dalny ku Chakari, ena ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Chegutu. Kwa zaka zambiri zitupa za makolo athu zinali ndi chizindikiro choti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ananena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene amakhala momwemo, ndipo kholo lake limodzi ndi la m'dziko lina la SADC, ameneyo ndi nzika. Koma munthu akafika pa kauntala amafunsidwabe mapepala. N'chifukwa chake mlembi wathu anatha zaka zitatu akujambula pepala lililonse limene mamembala anabweretsa: ziphaso zakubadwa, makalata a ubatizo, makadi a kusikelo, ngakhale makadi akale a ntchito a agogo athu. Ena mwa mapepala enieniwo anadyedwa kale ndi chiswe. Zithunzi zake zinali mu laputopu imeneyi, kwina kulikonse kunalibe. Inu a mu kampu mukudziwa bwino kuposa ine zimene pepala limodzi limatanthauza pa moyo wa munthu, ndipo ndalemba phunziroli poganizira mapepala anu, ma CV anu ndi ntchito za kusukulu zimene mumasunga m'makompyuta.

Chinachitika n'chiyani?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a Windows 10, ndipo makompyuta ambiri anayamba kuonetsa uthenga wolimbikitsa eni ake kusamukira ku Windows 11. Mlembi wathu anavomera usiku wina atadya nsima. Batire la laputopuyo linatha kalekale, silisunga moto ngakhale mphindi zisanu. Pamenepa nanenso ndili ndi mlandu, chifukwa batirelo ndinaliona chaka chatha n'kungowauza kuti tidzaona. Sikirini itafika polemba kuti musazimitse kompyuta, magetsi anathima.

Windows ikamasintha, imatenga mafayilo ake akale n'kuwaika mu foda yotchedwa Windows.old, imalemba atsopano, kenako imasintha kabuku kakang'ono kotchedwa BCD, kamene kamauza kompyuta komwe ikapeze Windows poyaka. Ntchitoyi ikadukira pakati, kompyuta imasokonezeka. Koma zithunzi ndi makalata anu nthawi zambiri amakhala ali pomwe munawasiya. Kuli ngati kiyi wathyokera m'loko: simungalowe m'nyumba, koma katundu ali m'katimo. Wofomata amagwetsa nyumba yonse n'kumanga ina pamalo omwewo. Ndi ntchito ya ola limodzi, yosafuna kuganiza kwambiri, n'chifukwa chake okonza ambiri amaikonda.

Yambani mwayang'anitsitsa

Musanagwire batani lililonse, jambulani ndi foni zimene zalembedwa pa sikirini. Mawu ndi manambala amenewo ndi amene amauza wokonza komwe kuli matenda. Kenako zulani chilichonse chimene chalumikizidwa ku kompyuta: flashi, memori kadi, modemu, printa. Ndakhala ndikuona makompyuta "akufa" akudzuka atangozulidwa flashi ya nyimbo, chifukwa ankayesa kuyakira pa flashiyo.

Ngati kompyuta siikuonetsa kuwala kulikonse, fani siikulira, vuto si Windows ayi, ndi moto. Yesani tchaja ina ndi soketi ina. Zulani tchaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenako lumikizani tchaja yokha n'kuyatsa.

Ngati ikuonetsa timadontho tozungulira, kapena peresenti yaima pamodzimodzi, musafulumire kuizimitsa. Pa kompyuta yakale ntchitoyi imatha kutenga maola awiri kapena atatu, ndipo anthu ambiri amaipha okha chifukwa chotopa kudikira. Kagetsi ka disiki kakamaphethira, isiyeni. Chimodzimodzi ikalemba kuti "Undoing changes made to your computer", imeneyo ikudzibweza yokha ku Windows yakale.

Pali phokoso limodzi lofunika kuliopa. Disiki ya m'kati ikamamveka kuti tche, tche, tche mobwerezabwereza, zimitsani msanga, musayatsenso. Disiki yotero ikufa, ndipo kuyatsa kulikonse kumachepetsa mwayi wopulumutsa mafayilo.

Laputopu ya gulu lathu inalibe phokoso. Inkaonetsa sikirini ya buluu yolembedwa kuti "Recovery", ndi nambala iyi: 0xc000000f. Nambala imeneyi imasonyeza kuti kompyuta yalephera kuwerenga kabuku kaja ka BCD kapena fayilo ina yofunika poyaka. Nditaiona mtima unakhala pansi pang'ono.

Tulutsani katundu kaye

Ili ndi gawo limene ndikufuna mulisunge ngakhale mutaiwala ena onse. Musayese kukonza chilichonse musanakopere mafayilo anu kwina. Njira zina zokonzera zimatha kuonjezera vuto, ndipo munthu amakonza modekha akadziwa kuti mapepala ali pabwino.

Mufunika maflashi awiri. Yoyamba ikhale ya 8 GB kapena kuposa, ndipo muikemo Windows pogwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Microsoft yotchedwa Media Creation Tool, pa kompyuta ina yomwe ikugwira ntchito. Dziwani kuti pulogalamuyi imafufuta zonse zimene zinali pa flashiyo, komanso imadya bandulo yambiri, ma GB angapo. Yanga ndinapeza kuti mphwanga anaifufuta n'kudzazamo nyimbo za sungura, moti Loweruka m'mawa ndinakwera kombi kupita ku Chegutu kukaipanganso kwa mnzanga amene ali ndi intaneti yamphamvu. Kumene kuli chipinda chophunzirira makompyuta, ndi bwino kupanga flashi imodzi yotere, kuilemba dzina n'kuitsekera m'kabati. Flashi yachiwiri ndi yolandirira mafayilo.

Lowetsani flashi yoyamba, yatsani kompyuta, ndipo nthawi yomweyo dinani mobwerezabwereza batani lotsegula mndandanda wa poyakira. Pa HP ndi F9, pa Dell, Lenovo ndi Acer kawirikawiri ndi F12, pa Asus ndi Esc. Sankhani dzina la flashi yanu. Mukasankha chinenero, musadine "Install now". Yang'anani mawu oti "Repair your computer" m'munsi kumanzere, kapena "Repair my PC" ngati flashiyo ili ndi Windows 11 yaposachedwa. Kenako sankhani Troubleshoot, n'kutsegula Command Prompt.

Patuluka windo yakuda. Musaope. Lembani mawu oti notepad n'kudina Enter. Notepad ikatseguka, pitani pa File, kenako Open. Ife sitikufuna kutsegula kalata iliyonse, tikungobwereka kawindo kameneka kuti tione m'kati mwa disiki. M'munsi sinthani pamene palembedwa Text Documents pakhale All Files, apo ayi muziona mafoda ngati opanda kanthu n'kuyamba kulira pachabe. Dinani This PC. Disiki yanu yaikulu mwina siidziwika ndi chilembo C monga mwa masiku onse, ikhoza kukhala D kapena E, choncho tsegulani iliyonse mpaka mupeze foda ya Users. M'kati mwake muli foda ya dzina lanu, ndipo mmenemo muli Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures. Ngati mulibe kanthu, kayang'aneni mu Windows.old, nayonso imakhala ndi Users yake. Lowetsani flashi yachiwiri, dinani foda ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Copy, pitani pa flashi, sankhani Paste. Pano kompyuta siionetsa kuti yafika pati, imangooneka ngati yauma. Idikireni. Ikamaliza, katsegule mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akopedwadi.

Foda ya gulu itaoneka, mlembi anavula magalasi n'kuwapukuta, kenako anayamba kuwerenga mokweza mayina a mabanja amene anali pa mafodawo, limodzi limodzi, ngati akuitana mayina pa msonkhano. Sindinawadule.

Amene ali ndi flashi ya Ubuntu angachitenso chimodzimodzi, posankha "Try Ubuntu" osati "Install". Njira ina ndi kuchotsa disiki n'kuiika m'kabokosi ka USB, koma malaputopu ena atsopano disiki yawo ndi yomatirira, siichoka.

Pali chinthu chimodzi chimene chingakutsekereni njira zonsezi. Makompyuta ambiri atsopano amakhoma disiki ndi BitLocker, ndipo zinthu zikasokonekera amafunsa nambala ya manambala 48. Nambalayi kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera nayo poyamba, ndipo mungaipeze polowa mu akauntiyo pa foni. Popanda nambalayo palibe wokonza amene angatsegule disikiyo, kaya akhale katswiri wotani. Ngati kompyuta yanu ikuyaka lero, ifufuzeni nambalayo lero lomwe, muilembe m'kope. Amene munagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito samalani kwambiri, chifukwa nambala ikhoza kukhala mu akaunti ya mwini wake woyamba.

Tsopano tikonze

Windows ili ndi chipinda chake chokonzera. Ngati mulibe flashi, mungalowemo chonchi: yatsani kompyuta, chizindikiro cha Windows chikangooneka dinikizani batani loyatsira mpaka izime. Bwerezani kawiri. Kachitatu isiyeni, ilemba kuti "Preparing Automatic Repair". Sankhani Advanced options, kenako Troubleshoot, kenakonso Advanced options. Ngati muli ndi flashi ija, mufika pamalo omwewa kudzera pa "Repair your computer".

Yambani ndi Startup Repair. Siifuna nzeru zanu, imayesa yokha, ndipo nthawi zina imatha ntchito. Ikalephera pitani pa Uninstall Updates. Pali zosankha ziwiri. Ya quality update imachotsa ka update kakang'ono ka mwezi ndi mwezi. Ya feature update imabweza kompyuta ku Windows imene munali nayo kale, ndipo ndi imene mukufuna ngati vuto linayamba mutasamuka. Koma mwayi umenewu ndi wa masiku 10 okha, akatha Windows imafufuta foda ya Windows.old. Choncho musaike kompyuta pansi pa bedi kudikira kutha kwa mwezi.

Ngati kompyuta imayamba kuyaka kenako n'kugwa ndi sikirini ya buluu, kapena imangoda bii mutalemba pasiwedi, kawirikawiri wolakwa ndi driver, kapulogalamu kamene kamayendetsa chiwalo china monga sikirini kapena Wi-Fi, kapena antivayirasi yakale yosagwirizana ndi Windows yatsopano. Pitani pa Startup Settings, dinani Restart, kenako nambala 4. Kompyuta iyaka mu Safe Mode, mmene imadzutsa zinthu zofunikira zokha, ndipo mungachotse pulogalamu imene mukuikayikira. Njirayi si ya ife osauka tokha. Pa 19 Julayi 2024 update yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni m'mabanki, m'zipatala ndi m'mabwalo a ndege, ndipo akatswiri ambiri anawadzutsa polowa mu Safe Mode n'kufufuta fayilo imodzi.

Muonanso mawu oti "Reset this PC". Amenewa asiyeni akhale omalizira. "Keep my files" imasunga mafayilo koma imachotsa mapulogalamu onse amene munaikamo. "Remove everything" ndi kufomata komwe kuja.

Pa laputopu yathu Startup Repair inalephera, ndiye ndinalembanso kabuku ka BCD pamanja. Gawo ili ndi la amene anazolowerako makompyuta, ena mupemphe wina akhale pambali panu. Mu Command Prompt ndinalemba diskpart, kenako list volume. Panatuluka zigawo za disiki. Ndinaona chilembo cha chigawo chachikulu chokhala ndi Windows, chinali D. Ndinafunanso kachigawo kakang'ono ka FAT32, ka ma MB 100 kapena kuposerapo pang'ono, kamene kalibe chilembo. Kanali nambala 2, choncho ndinalemba select volume 2, kenako assign letter=S, kenako exit. Pomaliza ndinalemba bcdboot D:\Windows /s S: /f UEFI. Manambala ndi zilembo zanu zikhoza kusiyana ndi zanga, tsatirani zimene mukuona pa sikirini yanu. Ndipo mukakhala mu diskpart musalembe mawu oti clean ngakhale wina atakuuzani. Amafafaniza zigawo zonse za disiki popanda kukufunsani kawiri. Ena amalangiza bootrec /fixboot, koma pa makompyuta a masiku ano kawirikawiri imangoyankha kuti "Access is denied".

Nditazula flashi n'kuyatsa, laputopu inazungulira kwa nthawi, inadzizimitsa n'kudziyatsa kawiri, kenako panatuluka Windows 10 ndi chithunzi cha zidzukulu za mlembi.

Ikamati "No bootable device"

Uthenga umenewu, kapena wofanana nawo woti "Boot Device Not Found", umafuna kuti mulowe mu BIOS. Poyatsa dinani F10 pa HP, F2 pa Dell, Acer ndi Asus, F1 kapena F2 pa Lenovo. Choyamba onani ngati disiki yanu ikutchulidwa. Ngati siikuoneka n'komwe, mwina yasuntha kapena yafa. Ngati ikuoneka, onani kuti pa mndandanda wa poyakira, Windows Boot Manager ili pamwamba. Onaninso deti. Mukapeza chaka chakale kwambiri, kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene pa makompyuta ambiri ndi CR2032, katha mphamvu, ndipo BIOS yaiwala zimene inauzidwa. Zikatero imatha kuchoka pa UEFI kupita pa Legacy, kapena kusintha pa SATA, pamene pamasankhidwa AHCI kapena RAID, ndipo Windows imagwa ndi mawu oti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Jambulani tsamba lililonse musanasinthe, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Kodi kusamukako n'kokakamiza?

Windows 10 siinasiye kugwira ntchito pa 14 Okutobala 2025. Chimene chinatha ndi ma update aulere otseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera, ndipo Microsoft inatsegula pulogalamu ya ESU yopitiriza ma update a chitetezo kwa anthu wamba mpaka pa 13 Okutobala 2026. Kusamuka n'kofunika, makamaka ngati mumalowa pa imelo kapena kutumiza ndalama, koma kungadikire tsiku labwino. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, disiki ya 64 GB, UEFI, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopanoko, pa Intel kawirikawiri kuyambira m'badwo wa 8. Pali anyamata amene amaikakamiza kulowa m'makompyuta osakwanitsa zimenezi. Imalowa ndithu, koma ine sindingachite zimenezo pa kompyuta yosunga mapepala a anthu. Makina akale otero amayenda bwino ndi Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe ndi zaulere.

Tsiku losamuka, mafayilo akhale atakopedwa kale pa flashi ndi pamalo ena achiwiri, kaya pa foni kaya pa imelo. Batire likhale lodzaza, tchaja ili pomwepo. Ngati mumadalira sola, yambani m'mawa dzuwa likukwera, osati madzulo. Kompyuta ya patebulo yopanda UPS musaiyambitse ntchitoyi pamalo pamene magetsi amathimathima.

Mukapita kwa wokonza, muuzeni poyambirira kuti mukufuna mafayilo atuluke kaye, pa flashi yanu, inu muli pomwepo. Akakana kapena akati n'zosatheka asanayese n'komwe, nyamulani kompyuta yanu. Musalolenso kuti mapepala anu atsale pa kompyuta yake. Chikalata cha munthu wothawa kwawo chili ndi dzina, chithunzi, nambala ndi kumene anachokera, ndipo chikagwa m'manja olakwika chingaike pangozi iyeyo ndi abale amene anatsala kumudzi. Ngati anakopera kaye kwa iye, afufute inu mukuona, ndi mu Recycle Bin momwe.

Mlembi wathu anakatula nkhaniyi pa msonkhano wa gulu wa mwezi wotsatira, ndipo mamembala anavomereza kugula batire latsopano ku Kadoma ndi maflashi awiri. Imodzi imakhala kwa mlembi, ina kwa mayi msungichuma, ndipo amakopera mabuku Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse akatha kusonkha. Windows 11 tinaiika mu Disembala, Loweruka m'mawa, batire lili lodzaza. Inatenga maola awiri ndi theka.